Tsitsi la Fraser

Fraser Nzima anamwalira Lachiwiri, pa 11 Malichi 2003, ali ndi zaka 41. Anagwa ali pamsonkhano ku ofesi ya bungwe loona za madzi kumene ankagwira ntchito, ndipo madokotala anati mtsempha wamagazi unaphulika m'mutu. Pofika Lachitatu masana, Amalawi a mu Nairobi anali atadzaza nyumba yake ku Spring Valley, ndipo mlongo wake, Deliwe, anali atapsa kale mtima.

Choyamba kumupsetsa mtima chinali masilipasi.

Amayi a kutchalitchi anatsika minibasi, zimene kumeneko amati matatu, pa Lower Kabete Road n'kuyenda pansi mtunda wotsalawo atamanga zitenje. Atafika pageti anayamba kubuma monga mwa mwambo, Deliwe ali patsogolo, manja ali kumutu, akuitana achimwene ake. Ankayembekezera kupeza wamasiye ali pansi, tsitsi lili nyankhalala, kuti amugwere n'kulira naye limodzi. Koma pakhomo anapeza masilipasi atandandalikidwa awiriawiri, ndipo kuseri kwa masilipasiwo kunaima Sachiko, mkazi wa Fraser, atavala diresi lakuda losita, tsitsi atalimanga kumbuyo. Anawerama kwambiri. Ataweramuka, pakamwa pake panali kakumwetulira.

"Takulandirani," anatero m'Chichewa chake chodukizadukiza. "Pepani kwambiri, takuvutitsani ndi ulendo."

Kulira kuja kunathera pakhosi. Amayi anayang'anana. Mmodzi anavula nsapato n'kuvala masilipasi, ena n'kutsatira, ndipo maliro a Fraser analowa m'nyumba mwakachetechete ngati anthu odzaona nyumba ya lendi.

Sachiko kwawo kunali ku Japan, mumzinda wa Morioka. Anabwera ku Malawi mu 1991 kudzaphunzitsa masamu pasekondale ina ku Ntcheu, ndipo n'kumene anakumana ndi Fraser, amene nthawi imeneyo ankakumba mijigo m'bomalo. Anakwatirana mu 1995 n'kusamukira ku Nairobi mu 1997. Deliwe anawatsatira mu 1999 atapeza ntchito kubungwe lina la mpingo m'tauni, ndipo ankakhala ku Lang'ata. Zaka zonsezo ankadya nawo limodzi pafupifupi Lamlungu lililonse, koma sanakanganepo ndi mlamu wakeyo. Sikuti ankagwirizana ayi. Panalibe pogwira. Munthu ukamupsera mtima iye n'kukuthokoza, umayamba kudziona ngati wamisala ndiwe.

Pabalaza abambo anatulutsa mipando, amayi anakhala pansi n'kuyambitsa nyimbo. Pakona panali katebulo, ndipo pakatebulopo panali chithunzi cha Fraser, kambale ka mpunga, kapu ya madzi ndi kamtengo kofuka utsi wonunkhira. Sachiko anali yakaliyakali kugawa tiyi, akuweramira aliyense.

Mayi Modesta, mkulu wa amayi a Chikatolika, amene anali atakhala mu Nairobi nthawi yaitali kuposa onse, anasendera pafupi ndi Deliwe.

"Mwana wanga, kodi ndafika pamaliro kapena pa kitchen party?"

"Musandifunse ine, amayi."

"Nanga ndifunse ndani? Ife tabwera kudzamupepesa, iye ndiye akutipepesa ife. Akupepesa chiyani? Munthu amapepesa akalakwa. Nanga kusekako? Mwamuna ali m'firiji, iye mano ali mbee."

"Sakuseka. Ndi mmene alili."

"Chabwino. Nanga mpunga uwo akudyetsa ndani?"

Deliwe anayang'ana chithunzi cha achimwene ake. Anakumbukira tsiku lina Fraser akumufotokozera, akuseka monga mwa nthawi zonse, kuti kwawo kwa Sachiko kulira pamaso pa mlendo n'chimodzimodzi kumusenzetsa katundu wako, ndiye munthu akamwetulira pa zowawa amakhala akukusungira ulemu, osati wakondwa. Tsiku limenelo Deliwe anangoti zawo zimenezo. Koma lero zinali zake. Ulemu wanji, achimwene, womana anthu misozi? Maliro n'kulirana. Anthu asiya ntchito, adutsa tauni yonse atanyamula chisoni kuti adzatule pano, ndiye akuwabweza nacho atawamwetsa tiyi.

Komanso m'makutu mwake munali mawu ena. M'mawa wa tsiku lomwelo amayi ake omubereka anaimba foni kuchokera kuparishi ya Nsipe, ku Ntcheu.

"Mwana wanga abwere," anatero amayiwo. "Abwere yense, ndione nkhope yake, agone pafupi ndi bambo ake. Wamva, Deliwe?"

"Ndamva, amayi."

"Usandiyankhe ngati ukuyankha mabwana ako. Wamva?"

"Ndamva. Abwera yense."

Chakumadzulo a Morris Chabwera, wapampando wa Amalawi a mu Nairobi, anaitanira Sachiko ndi Deliwe kuchipinda chodyera. Anali munthu wokonda kukonza zinthu ndi wokonda kuti anthu adziwe kuti wakonza ndi iye. Anafotokoza kuti ndege ya ku Lilongwe inyamuka Loweruka, kuti bungwe la Fraser lavomera kunyamula thupi, ndipo chatsala n'chimodzi chokha. Kampani yosunga maliro siingatulutse thupi popanda mawu a mkazi wa malemu.

Sachiko ankamvetsera akugwedeza mutu. "Ee," ankatero pa chiganizo chilichonse. "Ee. Ee." A Morris atamaliza, iye anapendeketsa mutu, n'kukoka kampweya pakati pa mano.

"Zimenezo n'zovuta pang'ono," anatero.

"Pang'ono si nkhani, mayi," a Morris anayankha akuimirira. "Zapang'onozo tisiyireni ife. Ndi ntchito yathu." Anatuluka kukauza abambo panja kuti zatheka.

Deliwe anatsala pampando. Mlamu wake ankamudziwa. "Ee" wake ankatanthauza kuti ndikumva, osati ndavomera. Ndipo akati chinthu n'chovuta pang'ono, ndiye kuti chitseko chatsekedwa, kiyi waponyedwa m'chitsime. Sachiko atalowa kukhitchini, Deliwe anamutsatira n'kutseka chitseko.

"Alamu, lankhulani ngati munthu. Mukukana?"

Sachiko anaika pansi kapu imene ankatsuka, n'kupukuta m'manja bwinobwino.

"Ndimaganiza za ku Lang'ata," anatero. "Kumanda kuja kuli malo otenthera."

Deliwe ankadutsa pamanda amenewo tsiku lililonse popita ndi pochokera kuntchito. Malowo ankawadziwa. Komabe anafunsa, chifukwa ankafuna amve ndi makutu ake.

"Otenthera chiyani?"

"Thupi. Kwathu timatero. Kenako achibale amatola mafupa, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kuti munthu akaime bwino m'chotengera chake. Ndimaganiza, ena apite ku Nsipe kwa amayi, ena ndipite nawo ku Morioka. Tonse tikhale naye."

"Tigawane? Achimwene anga asanduka mbuzi ya pa Khirisimasi?"

"Pepani, alamu, ine…"

"Kwathu timawotcha zinyalala. Timawotcha tchire. Anthu akalusa amawotcha akuba. Achimwene anaba chiyani? Anakulakwirani chiyani kuti muwaike pamoto ngati chimanga? Inu mwakhala nawo zaka zisanu ndi zitatu. Amayi anawabereka kumsana akulima, anawagulitsira mbatata pamsewu kuti akafike kusukulu. Ndiye ndikawapatse chiyani? Kabotolo? Ndikati landirani mwendo wa mwana wanu, mutu uli ku Japan?"

Sachiko anawerama. Ataweramuka kakumwetulira kaja kanali pomwepo, ngakhale milomo inkanjenjemera. Deliwe kunjenjemerako sanakuone. Anangoona mano. Anatenga tiyipoti yodzaza imene inali pathebulo, n'kukhuthulira tiyi yense m'sinki, n'kutuluka.

Lachinayi m'mawa, Deliwe ali pakati pa amayi pabalaza, Sachiko anabwera n'kugwada patsogolo pake monga amagwadira akazi a ku Ntcheu. Maso ake anali ouma.

"Atengeni," anatero. "Apite kwa amayi."

"Yense?"

"Yense."

Ananyamuka n'kubwerera kukhitchini. A Morris atamva anawomba m'manja. "Ndinanena ine kuti ndi zapang'ono!" Koma Deliwe mtima sunatsike. Anali atakonzekera nkhondo, mawu atawanola, ndiye mdani wangogonja osatukwana ngakhale kamodzi. Anatsala ngati munthu amene wasamula dzanja koma alibe pomenya.

Lachisanu onse anapita kukaona thupi komaliza kukampani yosunga maliro. Bokosi lokwera ndege limakhala ndi chitsulo mkati, ndipo akalimata salitsegulanso. Pamatsala kagalasi pankhope basi. Fraser anali atavekedwa suti yake yotuwa, tsitsi atalipesa. Ankalisunga lalitali pang'ono kuyambira ali pasukulu, ndipo kuseri kwa makutu linali litayamba imvi. Deliwe analira mpaka mawu kusasa, Mayi Modesta atamugwira. Sachiko anaima chapatali, manja atawaphatikiza kutsogolo. Onse atamaliza, anapempha kuti amusiye yekha ndi mwamuna wake kanthawi kochepa.

Ali m'khonde, Mayi Modesta anamukodola Deliwe.

"Mukumusiya yekha ndi mtembo?"

"Ndi mkazi wake, amayi."

"Ine sindinanene kanthu."

Deliwe anapisa dzanja m'chikwama kuti atenge mpango, n'kukhudza kolona. Anali ataiwala kuiika m'manja mwa achimwene ake. Anabwerera n'kutsegula chitseko osagogoda.

Sachiko anali ataweramira m'bokosi. M'dzanja lake munali kasizasi kakang'ono. Pachifuwa cha Fraser panali kapepala koyera, ndipo pakapepalapo panali tsitsi, lakuda losakanikirana ndi imvi, lodulidwa kuseri kwa khutu lakumanzere.

Kumudzi ngakhale mwana amadziwa mtundu wa anthu amene amafuna tsitsi ndi zikhadabo za wakufa. N'chifukwa chake mtembo susiyidwa wokha. Deliwe anali ndi digiri ya ku Zomba, ankawerenga mawu a Mulungu kutchalitchi, ndipo akanakhala pa ofesi akanaseka munthu wokamba zimenezi. Koma mfuu imene inatuluka pakamwa pake sinadutse ku Zomba.

"Mayo ine! Mukuwatani achimwene?"

Analumpha n'kutsomphola kapepala kaja. Sizasi inagwa pasimenti. Mayi Modesta analowa akuthamanga, anaona sizasi, anaona tsitsi, n'kugwira pakamwa.

"Yesu, Mariya! Ndinanena ine! Mpunga uja si wachabe!"

"Ndiye n'chifukwa chake munavomera dzulo!" Deliwe anakuwa. "Mumadziwa kuti mudula kaye chizimba chanu! Yense, yense, kugwada konse kuja, pomwe sizasi ili m'chikwama! Mfiti! Munthu wosalira mwamuna, tinayenera kudziwa!"

Kakumwetulira kaja kanayesa kubwera pankhope ya Sachiko, kanafika theka la njira, n'kugwa. Deliwe anali asanaionepo nkhope imeneyi ili yokhayokha chonchi. Inayera, kenako inafiira mpaka m'khosi.

"Bweza," anatero Sachiko.

Sananene alamu. Sananene pepani.

"Bweza, Deliwe. Ndakupatsa mutu. Ndakupatsa manja, mapazi, mtima. Ndakupatsa mafupa onse, ine ndatsala ndi malaya m'kabati. Amayi ako adzakhala ndi manda. Adzapita kukalambula, adzakhala pansi, adzalankhula naye. Ine ku Morioka ndidzalankhula ndi chiyani? Khoma?"

"Mukanapempha!"

"Ndinapempha Lachitatu. Unandiyankha za mbuzi." Anatembenukira kwa Mayi Modesta. "Ndipo inu, mayi. Chichewa ndimamva. Ndinaphunzitsa ana a kwanu zaka ziwiri. Kitchen party, ndinamva. Mano mbee, ndinamva. Ndinameza, ndinakupatsani tiyi wina. Mumaganiza kuti kumeza n'kosavuta? Mumaganiza kuti wokuwa yekha ndiye wapwetekedwa?"

Mayi Modesta anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko.

"Kwathu thupi likatsala kutali, mkazi amasunga tsitsi," Sachiko anapitiriza, mawu atatsika koma akucheka ngati lumo. "Agogo anga anasunga la agogo aamuna. Si mankhwala. Ndi munthu wanga. Tsono mverani. Tsitsi limenelo likapanda kubwerera m'manja mwanga, Fraser sakwera ndege. Ndikawauza ku ofesi ya pano lero lomwe. Apita ku Lang'ata, ndipo iwe udzatenga theka."

Nthawi ino sananene kuti n'zovuta pang'ono.

Deliwe anatuluka kapepala kali m'nkhonya. Panja, poimika magalimoto, a Morris anamvetsera nkhani yonse akupukuta thukuta m'khosi.

"Tingathe kupita kukhoti," anatero. "Koma mukudziwa nokha, achemwali, kuno milandu yolimbirana mtembo imatha miyezi, munthu ali m'firiji. Ndipo ndege ndi mawa. Katsitsi kokha? Mpatseni. Aliyense amameta kwa ometa, tsitsi limatsala pansi, ndani anafapo?"

"La wamoyo limenelo," Mayi Modesta anawadula. "Inu a Morris, suti yakulowani m'mutu. Tsitsi libwerere m'bokosi, munthu apite wathunthu. Mukamupatsa, kumudzi ana akayamba kudwala musadzati sitinanene. Ine ndasamba m'manja."

Wantchito wa pakampanipo, atavala ovolosi, anatulukira pakhomo n'kufunsa m'Chiswahili ngati angathe kutseka bokosi. "Mama, tufunge?"

"Ngoja," Deliwe anamuyankha, kuti adikire.

Anapita kuseri kwa galimoto n'kufunyulula nkhonya. Kapepala kanali katakwinyika. Tsitsilo linali lochepa, losadzaza ndi supuni yomwe. Pa kanthu kameneka ndiye pakanirire mtembo wonse? Anakwiyira a Morris, amene ankangofuna adzanene pamsonkhano kuti anakonza ndi iwo. Anakwiyira Mayi Modesta, amene ankasamba m'manja pa madzi a eni. Koma woyamba kumukwiyira anali Fraser. Zaka zisanu ndi zitatu akugona nyumba imodzi ndi mkazi wa kutsidya kwa nyanja, akuseka, akufotokozera anthu za kumwetulira, koma osakhala pansi tsiku limodzi n'kunena kuti ndikadzafa mudzachite chakuti. Anasiya akazi awiri kuti adzakokerane mutu wake.

Kuti Sachiko ndi mfiti, Deliwe mumtima sankakhulupirira. Mawu aja anangotuluka monga magazi amatulukira ukadzicheka. Chimene ankakhulupirira chinali lonjezo lake pafoni. Amayi anati yense. Tsopano panali njira ziwiri: kupita ndi achimwene opanda katsitsi aka, kapena kupita ndi phulusa. Yense panalibenso.

Anabwerera m'kati yekha. Asanafike pachitseko anamva phokoso limene poyamba sanalizindikire, longa la nsalu yolimba ikung'ambika pang'onopang'ono. Anasuzumira. Sachiko anali pansi pasimenti, diresi losita lija lili m'fumbi, chipumi atachigunditsa pabokosi. Anali ataluma mkono wa diresi kuti mawu asatuluke, koma ankatulukabe, ndipo pakatipakati ankalankhula Chijapani, mawu omwewomwewo mobwerezabwereza, ngati munthu wodzutsa mnzake amene wagonereza.

Wina akanamva chisoni. Deliwe mtima unawira kuposa poyamba. Kani misozi inalipo! Inalipo Lachitatu, amayi ataima pageti manja ali kumutu. Inalipo yodzaza mtsuko, ndiye anaitsekera kuchipinda ngati shuga wobisira alendo.

Anakankha chitseko. Sachiko anadzidzimuka, anadzuka mofulumira, n'kuyamba kupukuta nkhope ndi manja onse awiri.

"Pepani, ndima…"

"Mukanenanso pepani ndikumenyani mbama."

Sachiko anatseka pakamwa.

"Misozi imeneyi ndi ya anthu," anatero Deliwe. "Si yanu nokha. Munatimana. Tinabwera ngati opemphetsa, munatibweza ndi masilipasi."

"Ndikalira pamaso panu, mukanasenza chisoni changa pamwamba pa chanu."

"Tinabwerera chimenecho! Kudzasenza!"

Anayang'anana, pakati pawo pali bokosi. Panalibe amene anagonja. Deliwe anatambasula dzanja n'kuika kapepala kaja pamphepete pa bokosi, koma chala sanachichotsepo.

"Sindikukupatsani chifukwa ndamvetsa," anatero. "Sindinamvetse, ndipo sindikufuna. Ndikufuna achimwene akwere ndege. Mukawauza ku ofesi pompano kuti atulutse thupi, ine ndili pambali panu."

"Ndikawauza."

"Sindinathe. Mawa mukwera nafe. Ku Nsipe mukalira pamaso pa amayi."

Sachiko anayang'ana pansi. Anayamba kupendeketsa mutu, n'kukoka kampweya kaja pakati pa mano, koma anadzigwira.

"Sindingathe," anatero mosabisa. "Anthu akandiyang'ana, chinachake chimatseka pano." Anagwira pakhosi.

Deliwe anamasula chitenje chimene anamanga m'chiuno, n'kumuponyera.

"Mukadzifunditsa ichi kumutu, mpaka kumaso. Amasiye kwathu amatero. Simukaona munthu, munthu sakaona inu. M'katimo mukachite zimene mukufuna, mulire, mumwetulire, zanu zimenezo. Koma mukakhala pansi pafupi ndi ine, mukandigwira, ndipo simukapereka tiyi kwa munthu. Kukuwa ndikakuwa ine."

Sachiko anagwira chitenjecho ndi manja awiri.

"Komanso dziwani," Deliwe anawonjezera, ndipo apa ankafuna kuti zimupweteke, "kwathu akumetabe. Tikaika maliro, m'mawa mwake achibale timametedwa. Lanulo, lalitali losalalalo, akalidula."

"Lonse?"

"Lonse. Mpala."

"Likatsala ku Nsipe?"

"Nanga lipita kuti?"

Sachiko anayang'ana mutu wa mwamuna wake. Kenako anagwedeza mutu kamodzi. Deliwe anazindikira kuti muvi wake wapita pena, kuti chimene ankayesa chilango mnzakeyo wachilandira ngati mphatso, ndipo zimenezi zinamukwiyitsanso. Anachotsa chala pakapepala. Sachiko anakatenga, anakawongola pabondo, n'kukapinda mosamala mpaka kanakhala kang'onong'ono, n'kukalowetsa m'kati mwa diresi, pachifuwa.

Deliwe anatulutsa chipeso m'chikwama. Anaweramira achimwene ake n'kupesa tsitsi la kuseri kwa khutu mpaka pamene panadulidwa panabisika. Anaika kolona m'manja ozizirawo. Kenako anatola sizasi pansi n'kuiponya m'chikwama mwake.

Potuluka anapeza Mayi Modesta akudikira m'khonde.

"Nanga tsitsi?"

"Labwerera m'bokosi."

"Mwaika ndi manja anu?"

"Amayi, munasamba m'manja. Musawadetsenso." Anatembenukira kwa wa ovolosi uja. "Funga."

Ndege inanyamuka Loweruka, pa 15 Malichi. Usiku wa tsikulo thupi linagona m'nyumba ya amayi ake ku Nsipe, ndipo Lamlungu m'mawa analitulutsa pabwalo kuti anthu aone nkhope. Akazi anakhala pansi kumbali ya khonde. Pafupi ndi Deliwe panakhala munthu wofunda chitenje kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, dzanja lake loyera litagwira mkono wa Deliwe molimba mpaka zikhadabo kulowa m'khungu. Chitenjecho chinkagwedezeka. Amayi a m'mudzi ankaloza ndi milomo, akunong'onezana kuti mkazi wa kutali koma mwambo akuudziwa. Deliwe yekha sankadziwa ngati m'katimo muli misozi kapena mano, ndipo sanafune kusuzumira.

Amayi awo anabwera atagwiridwa mbali zonse. Anaweramira pagalasi nthawi yaitali, akuyang'ana chipumi, mphuno, ndevu, makutu. Anapukuta galasilo ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ananso. Kenako anadzutsa mutu n'kufunafuna mwana wawo wamkazi pakati pa anthu.

"Wabwera yense?"

Zikhadabo zija zinalowa kwambiri mumkono. Deliwe anawayang'ana amayi ake m'maso osaphethira.

"Yense, amayi."

Atatero anaika manja kumutu n'kukuwa, mokweza kuposa mmene anakuwirapo chimwalirireni Fraser, mokwanira anthu awiri.